Amoyo Akamakumbukira Akufa: Zikumbutso Zimene Zinaumba Nyimbo Zachikale za ku Ulaya

M'tchalitchi chachikulu cha Westminster Abbey ku London muli chipilala cha George Frideric Handel, mwini wake wa nyimbo ya Aleluya ija imene kwaya imaitulutsa tsiku limene ikufuna kuonetsa kuti nayonso imatha. Pachipilalacho analembapo kuti mkuluyu anabadwa pa 23 Febuluwale 1684. Tsiku ndi mwezi zili bwino, koma chaka anaphonya. Handel anabadwira ku Halle, m'dziko la Germany, mu 1685. Chinawapusitsa Angerezi ndi kalendala yawo yomwe: chisanafike chaka cha 1752, ku England chaka chatsopano chinkayamba pa 25 Malichi, choncho mwana wobadwa mu Febuluwale ankamuwerengera ku chaka cham'mbuyo.

Cholakwikacho sichinathere pamwala. Mu 1784 akuluakulu ena a ku London, poganiza kuti zakwana zaka 100 chibadwire Handel ndi 25 chimwalirire, anakonza chikondwerero cha nyimbo chimene dzikolo linali lisanachionepo. Zaka 25 zinali zoona, pakuti Handel anamwalira mu Epulo 1759. Koma 100 zija zinali 99. Palibe anadandaula, ndipo panalibenso chodandaulira, chifukwa si tsikulo limene linasonkhanitsa anthu. Nkhani ya zikumbutso m'nyimbo zachikale za ku Ulaya, zimene ambiri timangozitcha classical, yakhala ikuyenda chomwechi. Nambala yokoma m'khutu, 50, 100, 200, imangopereka poyambira. Osankha kuti akumbukiridwe ndani, paimbidwe chiyani ndiponso chiimbidwe motani ndi amoyo, ndipo amasankha akuyang'ana zawo. Chachikulu kuposa apo n'chakuti chizolowezi chonse chomamvetsera nyimbo za anthu amene anagona kalekale chinakulira m'zikumbutso zomwezi.

Lero ukalowa mu holo ya nyimbozi, kaya ndi ku Berlin, ku Tokyo kapena ku Cape Town, mayina ambiri a papulogalamu amakhala a anthu akufa. M'zaka za m'ma 1700 sizinali choncho. Wopeka nyimbo anali wantchito, wa mfumu, wa bishopu kapena wa khonsolo ya mzinda, ndipo ankalipidwa kuti azibweretsa zatsopano. Joseph Haydn anatumikira banja la Esterházy pafupifupi zaka 30 akuvala yunifolomu ya pakhomopo. Johann Sebastian Bach atafika ku Leipzig mu 1723, kwa zaka zingapo ankapeka nyimbo yatsopano ya mapemphero pafupifupi sabata iliyonse: ophunzira ake aikopere, kwaya iiphunzire, Lamulungu iimbidwe, kenako ilowe m'kabati. Kupatula nyimbo zina za m'tchalitchi, chimene chapyola m'badwo umodzi chinkaonedwa kuti chatha fasho. Ku London kunali kagulu ka anthu achuma kotchedwa Concert of Antient Music, kamene kanayamba mu 1776 ndi lamulo lakuti pasamveke nyimbo yosakwana zaka 20. Zaka 20 zokha, nyimbo yasanduka kale yamakedzana! Atsogoleri a kagulu komweka, pakati pawo Earl of Sandwich ndi Joah Bates, ndiwo anakonza za 1784.

Mu Westminster Abbey momwemo anakhomamo nsanja yamatabwa yokwera ngati masitepe, oimba ndi oliza zida oposa 500 n'kukhala mothithikana pamenepo, limba lalikulu lili pamwamba pawo. Bates sanaime kutsogolo ndi kandodo monga achitira otsogolera a masiku ano. Anakhala pakati pa gululo pa makiyi amene anawalumikiza ku limbalo ndi timitengo titalitali, kuti aziliza uku onse akumuona. Moyang'anana nawo anamanga malo a Mfumu George III ndi banja lake. Makonsati anakonza atatu, koma anthu anachita kulimbirana malo mpaka anawonjezera ena awiri, ndipo ndalama zambiri zimene zinapezeka zinapita ku thumba lothandiza oimba okalamba ndi mabanja awo.

Nanga mfumu inkafunanji kumeneko? Nyimbo za Handel inkazikondadi, izo palibe akutsutsa. Komatu chaka cham'mbuyo chomwecho, 1783, Britain anali atasaina pangano lovomereza kuti madera ake 13 a ku America apita, ndipo ku nyumba ya malamulo kunali mpungwepungwe umene unathera pa chisankho cha 1784. Handel anali Mjeremani amene anasanduka Mngerezi, chimodzimodzi banja lachifumulo, ndipo ndiye anapeka Zadok the Priest, nyimbo imene inaimbidwa polonga George II ufumu mu 1727 ndipo yakhala ikuimbidwa polonga mfumu iliyonse kuchokera pamenepo, mpaka Charles III mu 2023. Kuona mfumu, mabishopu ndi nduna atakhala pamodzi m'tchalitchi cha mafumu, mazana a anthu akuimba za Mfumu ya mafumu, unali uthenga wosafuna womasulira. Amene anakhalapo pa mwambo wa chiliza amadziwa kuti dzina lotchulidwa kawirikawiri ndi la malemu, koma wotchera khutu bwino amamvanso kuti m'banjamo wamkulu tsopano ndani.

Chikondwererocho chinasinthanso kamvekedwe ka Handel. Messiah, momwe muli Aleluya uja, anaipeka m'masiku 24 mu 1741, ndipo inaimbidwa koyamba ku Dublin pa 13 Epulo 1742 ndi oimba makumi owerengeka otengedwa m'makwaya a matchalitchi awiri a mumzindawo. Holo yake inali yaing'ono moti anapempha amayi kuti asavale madiresi awo otambalala aja okhala ndi mikombero m'kati, abambo asiye malupanga kunyumba, kuti anthu 700 akwanemo. Nyimbo yopekedwera gulu lotere imathamanga, mawu ake amadumphadumpha mopepuka. Ukaipatsa anthu 500 iyenera kuyenda pang'onopang'ono kuti onse afikire limodzi, ndipo imalemera. Anthu anaikonda yolemerayo. Mu 1791 Haydn anamvera chikondwerero china chotere m'tchalitchi chomwecho, ndipo chimene anamva kumeneko chinamukankha kuti apeke nyimbo yake yaikulu ya chilengedwe cha dziko, imene inamveka koyamba mu 1798. Pofika 1859, zaka 100 chimwalirire Handel, ku Crystal Palace anasonkhanitsa oimba oposa 2,700 ndi oliza zida 460.

Khamu lotere silikanapezeka pakanapanda zinthu ziwiri: mabuku a nyimbo otsika mtengo amene kampani ya Novello inkasindikiza, ndi kalembedwe ka solfa kamene mbusa John Curwen anafalitsa, kamene kanathandiza wogwira ntchito m'fakitale kuwerenga nyimbo popanda kuphunzira manotsi a pa mizere isanu. Solfa yomweyo ndi imene amishoni a ku Britain anafika nayo kuno. Ndiye kwaya ya kwathu ikamatsetsereka ndi d, r, m pa Aleluya, besi ikugunda pansi ngati ikufuna kugwetsa denga, Handel amene ikuimbayo ndi wa 1784 ndi 1859, wa khamu, osati wa kagulu ka ku Dublin kaja. Ine sindiona vuto pamenepo. Kungoti tizidziwa kuti ukuluwo anauwonjezera ndi okumbukira.

Za Bach n'zozama kuposa apa, chifukwa iye anachita kufukulidwa, nyimbo zake poyamba, mafupa ake pambuyo. Atamwalira pa 28 Julayi 1750, sanaiwalike kotheratu monga ena amanenera. Oliza limba ankamudziwa, Beethoven ali mwana anaphunzirira pa nyimbo zake, ndipo Mozart atafika ku Leipzig mu 1789 anamva kwaya ikuimba imodzi mwa nyimbo zakezo n'kupempha kuti aone mapepala ake. Koma nyimbo zake zikuluzikulu za m'tchalitchi zinali zitangokhala m'makabati. Yaikulu mwa zonsezo ndi Matthäus-Passion, yosimba masautso a Yesu monga alembedwera pa Mateyu 26 ndi 27. Imafuna makwaya awiri ndi magulu awiri a zida, oyankhizana uku ndi uku. Munthu mmodzi wa mawu a tenala amasimba nkhaniyo vesi ndi vesi, wina amaimba mawu a Yesu, makwaya nthawi zina amasanduka ophunzira, nthawi zina khamu lofuula kuti apachikidwe, ndipo pakatipakati nkhani imaima kuti mumveke nyimbo za mpingo wa Lutheran zimene aliyense m'tchalitchimo ankazidziwa pamtima. Yonse imatenga pafupifupi maola atatu.

Felix Mendelssohn anapatsidwa kope la nyimboyi ndi agogo ake aakazi, Bella Salomon, ali mnyamata. Atakwana zaka 20, iye ndi mnzake wochita zisudzo Eduard Devrient ananyengerera mphunzitsi wawo Carl Friedrich Zelter, mkulu wa kwaya ya Sing-Akademie ku Berlin, kuti awalole kuiimba. Zelter poyamba ankati sizingatheke. Inaimbidwa pa 11 Malichi 1829, mfumu ya Prussia ilipo, ndipo anthu ochuluka anabwerera pakhomo atasowa malo. Anaibwerezanso pa 21 Malichi, tsiku lobadwa la Bach, kenakonso Lachisanu Loyera. Onse ankakhulupirira kuti akukumbukira zaka 100 chiimbidwire nyimboyi koyamba mu 1729.

Tione chimene Mendelssohn anachita nayo. Anadula pafupifupi theka, makamaka nyimbo zazitali za munthu mmodzi zosinkhasinkha, n'kusiya nkhani yothamanga ngati sewero. Zida zina za nthawi ya Bach zinali zitasiya kugwiritsidwa ntchito, ndiye m'malo mwake anaikamo ma clarinet, iye n'kumatsogolera ali pa piyano. Kwaya inali ya anthu oposa 100, amuna ndi akazi, pamene Bach ankaimba ndi anyamata a sukulu ya tchalitchi cha St Thomas. Ndipo chachikulu, anaichotsa m'mapemphero n'kuiika mu holo yolowa ndi tikiti. Nyimbo imene inapekedwa kuti izungulire ulaliki wa Lachisanu Loyera inasanduka chuma cha mtundu wa Ajeremani, pa nthawi imene Germany anali asanakhale dziko limodzi ndipo anthu ake ankasakasaka chowamanga pamodzi.

Kuchokera apo, chikumbutso chilichonse cha Bach chinasiya kanthu kogwirika. Mu 1850, zaka 100 chimwalirire, Robert Schumann, Otto Jahn, Moritz Hauptmann ndi anzawo anayambitsa bungwe la Bach-Gesellschaft ku Leipzig kuti asindikize chilichonse chimene Bach analemba. Ntchitoyo inawatengera zaka 50. Mu 1894 anakumba pamanda a tchalitchi cha St John pofuna bokosi la mtengo wa oak limene zolemba zakale zinkati anaikidwamo, n'kupeza mafupa a bambo wachikulire amene katswiri wa thupi la munthu, Wilhelm His, anagamula kuti ndi a Bach. Mpaka lero alipo akatswiri okayikira. Tchalitchicho chinaphwasulidwa ndi mabomba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo pokonzekera chikumbutso cha 1950 mafupawo anawasamutsira ku St Thomas, kumene alendo amakaika maluwa lero.

Pakati pa zaka zimenezi pali 1935, zaka 250 chibadwire Bach, pamene boma la Nazi linachititsa chikondwerero chachikulu ku Leipzig, Hitler mwiniwake alipo. Chaka chotsatira, mu Novembala 1936, chipilala cha Mendelssohn chimene chinaima kutsogolo kwa holo ya Gewandhaus mumzinda womwewo chinachotsedwa usiku. Mlandu wake unali woti anabadwira m'banja la Chiyuda, ngakhale anabatizidwa ali ndi zaka 7. Anatamanda Bach n'kugwetsa munthu amene anawabwezera Bachyo.

Mu 1950 Leipzig anali m'manja mwa boma lachikomyunizimu la East Germany, ndipo nalonso linafuna Bach wakewake: munthu wa anthu wamba, wotsogola m'maganizo, amene tchalitchi linangokhala bwana wake pantchito. Zolankhula za andale za chaka chimenecho zinauluka ndi mphepo, koma zinthu zitatu zinatsala. Wolfgang Schmieder anatulutsa ndandanda ya nyimbo zonse za Bach, ndipo manambala a BWV amene mumawaona pa YouTube kutsogolo kwa nyimbo iliyonse ndi akewo. Pa mpikisano wa oliza piyano, mmodzi wa oweruza anali Dmitri Shostakovich wa ku Soviet Union, amene atamva mtsikana wopambana, Tatiana Nikolayeva, anabwerera kwawo n'kukapeka nyimbo 24 za piyano potsata njira ya Bach. Chachitatu, akatswiri a ku Göttingen, kumadzulo, ndi a ku Leipzig, kum'mawa, anagwirizana zosindikizanso Bach yense mwatsopano, ntchito imene inatha mu 2007.

Ntchito yachitatuyi ndiyo inadzagwetsa chaka cha Mendelssohn. Alfred Dürr ndi Georg von Dadelsen anayamba kuunika mapepala enieniwo: zizindikiro za fakitale zimene zimaoneka pepala ukaliyang'anitsa ku dzuwa, ndi kalembedwe ka anyamata amene ankakopera manotsi, mmene dzanja la aliyense linkasinthira akamakula. Potero anatha kunena kuti pepala ili ndi la chaka chakuti, ilo la chaka chakuti, ndipo ndondomeko yonse ya nyimbo za Bach za ku Leipzig inasintha. Pa maziko amenewo, mu 1975 Joshua Rifkin anaonetsa kuti Matthäus-Passion iyenera kuti inaimbidwa koyamba Lachisanu Loyera la 1727, osati 1729, ndipo akatswiri ambiri anagwirizana naye. Chikumbutso cha zaka 100 chimene chinadzutsa Bach chinachitika patapita zaka 102. Ngakhale tsiku lake lobadwa lili pawiri: 21 Malichi 1685 ndi la kalendala yakale imene madera a Chipulotesitanti a Germany anaisiya mu 1700, ndipo pa kalendala yathuyi limagwa pa 31 Malichi.

Beethoven ndiye tsiku lake lobadwa silinalembedwe paliponse. Chimene chilipo ndi kaundula wa ubatizo ku Bonn, wa pa 17 Disembala 1770, ndipo poti ana ankabatizidwa mwamsanga, anthu amangoti anabadwa pa 16. Mwini wakeyo kwa nthawi yaitali ankakhulupirira kuti ndi wa 1772. Anthu a ku Bonn atafuna kumuimikira chipilala, zopereka zinkabwera mwa apo ndi apo mpaka katswiri wa piyano Franz Liszt anachita manyazi, n'kuthirapo ndalama zake ndi za makonsati ake. Atazindikira kuti mzindawo ulibe holo yokwana alendo, analonjezanso kulipira yamatabwa imene inamangidwa mothamanga. Chipilalacho anachivundukula pa 12 Ogasiti 1845, m'chaka cha 75 chibadwire Beethoven, pamaso pa Mfumukazi Victoria ya ku Britain ndi Mfumu Friedrich Wilhelm IV ya Prussia. Nsalu itachotsedwa, zinapezeka kuti Beethoven wachitsuloyo wafulatira khonde limene panakhala mafumuwo.

Zikumbutso zake zina tingazidutse mwachangu. Cha 1870 chinakumana ndi nkhondo ya Prussia ndi France, moti chikondwerero cha ku Bonn chinasunthidwira ku 1871. Mu 1970 maiko awiri a Germany ankalimbirana kuti mwini Beethoven ndani. Cha 2020, chimene anachikonzekera zaka zambiri ndi ndalama zankhaninkhani, chinagwa m'chaka cha Covid-19: maholo anatsekedwa mu Malichi, ndipo pulogalamu anaitalikitsa mpaka 2021.

Pofunika kuimapo ndi pa Symphony yake ya nambala 9, imene inakwanitsa zaka 200 pa 7 Meyi 2024. Symphony ndi nyimbo yaitali ya zida zokhazokha, kawirikawiri ya zigawo zinayi. Beethoven anaitalikitsa kupitirira ola, ndipo m'chigawo chomaliza analowetsamo kwaya ndi oimba anayi, akuimba ndakatulo ya Friedrich Schiller ya 1785 yonena za chimwemwe ndi ubale wa anthu onse. Anaiitanitsa ndi a Philharmonic Society ya ku London pa mtengo wa mapaundi 50, koma inayamba kumveka ku Vienna, m'nyumba ya zisudzo ya Kärntnertor, gulu lonse litayeserera pamodzi kawiri kokha. Apa n'kuti Beethoven atagontha. Anaima kutsogolo akutembenuza mapepala ndi kugwedeza manja, koma wotsogolera weniweni, Michael Umlauf, anali atawauziratu oimba kuti aziyang'ana iye. Anthu ataomba m'manja Beethoven anali chifulatirire, mpaka mmodzi wa oimba, Caroline Unger, anamutembenuza kuti aone. Ndalama zitawerengedwa zinatsala zochepa, ndipo iye anakwiya n'kuyamba kuloza anzake chala kuti amubera. Nyumbayo inagwetsedwa m'zaka za m'ma 1870, ndipo pamalopo pali Hotel Sacher.

Chovuta pokumbukira nyimbo imeneyi n'chakuti yatumikira mabwana ochuluka. Wilhelm Furtwängler anaitsogolera ku Berlin pa 19 Epulo 1942, madzulo oti mawa lake ndi tsiku lobadwa la Hitler. Mu 1972 Council of Europe inatenga kanyimbo ka m'chigawo chomaliza kukhala nyimbo ya Ulaya, ndipo amene anakakonza kuti kaziimbidwa pa miyambo ndi Herbert von Karajan, yemwe anakhalapo membala wa chipani cha Nazi. Patangopita zaka ziwiri, mu 1974, boma la Ian Smith linatenga kanyimbo komweko kukhala nyimbo ya fuko ya Rhodesia, Zimbabwe wa lero, ndipo kanakhala choncho mpaka 1979. Achimalawi ambirimbiri amene ankagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a kumeneko anakhala pansi pa boma la azungu ochepa limene nyimbo yake ya fuko inali kanyimbo kopekedwera ndakatulo yoti anthu onse adzakhala pachibale. Pa Khirisimasi ya 1989, khoma la Berlin litangogwa, Leonard Bernstein anaitsogolera ndi oimba ochokera mbali zonse ziwiri, ataika mawu akuti ufulu pamene Schiller analemba chimwemwe. Ku Japan inaimbidwa koyamba yathunthu pa 1 Juni 1918 ndi akaidi a nkhondo achijeremani ku kampu ya Bando, ndipo lero ndi nyimbo yotsekera chaka, ku Osaka amaiimba anthu 10,000 nthawi imodzi.

Ndiye mu 2024 ankakumbukira iti? Wailesi ya kanema ya Arte inaigawa panayi, chigawo choyamba ku Leipzig, chachiwiri ku Paris, chachitatu ku Milan, chomaliza ku Vienna, usiku umodzi womwewo. Uthenga wake unali woonekeratu: iyi ndi nyimbo ya Ulaya wogwirizana. N'zokoma, koma kumeneko n'kusankhanso, monga anasankhira onse am'mbuyomo. Kanyimboko n'kosavuta, kamayenda pa manotsi oyandikana moti mwana amakagwira tsiku limodzi, ndipo mawu ake satchula kuti abalewo ndi ati. N'chifukwa chake aliyense amakwanamo, wozunza ndi wozunzidwa yemwe.

Kumbali ya Mozart nkhani yaikulu ndi ya malonda. Mzinda wa Salzburg, umene iye anauthawa mu 1781 atakangana ndi bwana wake, bishopu wamkulu wa kumeneko, unafuna kumuimikira chipilala mu 1841, koma pokumba maziko anapeza zojambula zamiyala za Aroma akale, mwambo n'kuchedwa mpaka Seputembala 1842. Mkazi wake Constanze anamwalira miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Lero nkhope ya Mozart ili pa maswiti a chokoleti m'sitolo iliyonse ya mumzindawo. Mu 1991, zaka 200 chimwalirire, kampani ya Philips inatulutsa nyimbo zake zonse pa ma CD 180. Mu 2016 makampani ena anaona kuti kudikira 2041 n'kutali, ndiye anatulukira chikumbutso cha zaka 225, n'kutulutsa bokosi la ma CD 200. Manyuzipepala analemba kuti Mozart wagulitsa ma CD ambiri kuposa oimba onse a chaka chimenecho, koma chinsinsi chinali choti bokosi limodzi ankaliwerenga ngati 200.

Apa m'pamene pagona dandaulo langa ndi zikumbutsozi. Beethoven ndi Mozart amaimbidwa chaka chilichonse, tsiku lililonse, m'dziko lililonse lokhala ndi gulu la zida. Chaka chawo chikafika, maholo amangowonjezera zomwezo, chifukwa dzina lodziwika ndilo limagulitsa matikiti ndipo boma silivuta kupereka ndalama. Malo amene akanapita kwa wopeka wamoyo, kapena kwa wakufa amene sanamvekepo bwino, amapita kwa amene ali nawo kale. Kumapeto kwa 2019 katswiri wina wa mbiri ya nyimbo ku America, Andrea Moore, analemba m'nyuzipepala ya Chicago Tribune kuti njira yabwino yolemekezera Beethoven ndi kusamuimba chaka chathunthu, malowo n'kuwapereka kwa nyimbo zatsopano. Ambiri anamukalipira. Ine ndikuona kuti anali ndi mfundo, ngakhale palibe holo imene ikanayerekeza kutero mwa kufuna kwake.

Chikumbutso chimagwira ntchito yeniyeni pamene wokumbukiridwayo ali pakhomo, sanalowe. Gustav Mahler, wobadwa mu 1860, nyimbo zake zinaletsedwa mu ulamuliro wa Nazi, ndipo kwina konse ankazitenga ngati zazitali mopyola muyeso ndi zaphokoso. Mu 1960 Bernstein ndi New York Philharmonic anamuchitira chikondwerero cha zaka 100, ku London wailesi ya BBC inaulutsa Symphony yake ya nambala 10 imene anaisiya yosatha, Deryck Cooke ataikonza kuti itheke kuimbidwa, ndipo zimbale za stereo zinali zitangofika zotha kunyamula phokoso lakelo. Pasanathe zaka 20 Mahler anali pakati penipeni pa pulogalamu ya gulu lililonse lalikulu. Clara Schumann, amene kwa nthawi yaitali ankangotchulidwa ngati mkazi wa Robert ndi katswiri wa piyano, chaka cha 2019, zaka 200 chibadwire, chinachititsa kuti nyimbo zopeka yekha zijambulidwe ndi kuimbidwa kwambiri kuposa kale.

Wina ndi Samuel Coleridge-Taylor, wobadwira ku London mu 1875, bambo ake dokotala wa ku Sierra Leone, mayi ake Mngerezi. Mu 1898 anapeka nyimbo ya kwaya yotchedwa Hiawatha's Wedding Feast, imene kwa zaka zambiri makwaya a ku England ankaiimba mopikisana ndi Messiah. Iye anali ataigulitsiratu kwa osindikiza pa mtengo wa ma guinea 15, ndalama za ku Britain za nthawi imeneyo, choncho makope zikwizikwi amene anagulidwa sanamupindulire kanthu. Anamwalira mu 1912 ndi chibayo ali ndi zaka 37, atatopa ndi ntchito, ndipo umphawi umene banja lake linatsala nawo unali chimodzi mwa zimene anthu ankatchula pofuna kuti opeka nyimbo azilandira kanthu nyimbo zawo zikaimbidwa. Bungwe la Performing Right Society linakhazikitsidwa mu 1914. Itatha nkhondo yachiwiri dzina lake linazilala. Sewero lake loimba lotchedwa Thelma, limene analimaliza cha m'ma 1909, anthu ankaliyesa lotayika mpaka wofufuza wina analipeza m'mapepala a ku British Library. Panalibe kampani yaikulu imene inalithamangira. Linadikira mpaka chaka cha 100 chimwalirire mwini wake, pamene gulu laling'ono la Surrey Opera linaliimba koyamba mu Febuluwale 2012 ku Croydon, tauni imene iye anakuliramo.